Junior World Cup ya hockey ndi anyamata andevu aja

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena amene amakhala ku Johannesburg. Akuti mwana wawo wayamba hockey kusukulu, ndiye tsiku lina anakhala naye pansi n'kumaonera pa YouTube fayinolo ya Junior World Cup, Germany ndi France. Mafunso awo ndi awiri. Akuti kodi junior ameneyu ndi junior wanji poti anyamata ake ndi zimphona, ena mpaka ndevu, si kubera zaka komwe tinazolowera ku mpira wamiyendo kuja? Nanga bwanji matimu a kuno ku Africa samveka?

Achimwene, pa za ndevuzo mtima m'malo. Mpikisano umenewu ndi wa ma Under-21, ndiye munthu wa zaka 20 amene wakhala akudya bwino komanso kulowa mu jimu kuyambira ali ku sekondale mukufuna azioneka bwanji? Gemu mwaonerayo inali ya mu December 2023 ku Kuala Lumpur, Germany inawina 2-1 ndipo chinali chikho chawo cha nambala 7. Anthu amenewa mpikisanowu anachita kuusandutsa munda wa makolo awo, tangoganizani anatenga kanayi kotsatizana, 1982, 1985, 1989 ndi 1993. Koma oyamba kunyamula chikhochi anali a Pakistan mu 1979 ku Versailles, m'dziko la France, nthawi imeneyo Pakistan ikuopedwa zenizeni pa hockey. Amayendetsa zonsezi ndi a FIH, tingoti FIFA yake ya hockey.

Ine chimene ndimakondera mpikisanowu n'choti ndi pamene umaonera lero anthu amene mawa ukawapeze ku Olympics. Tengani India. Mu 2016 anachititsa okha ku Lucknow, anakwapula Belgium 2-1 mu fayinolo, ndipo mu timu imeneyo munali kamnyamata kena Harmanpreet Singh. Ndi yemweyo amene mu 2024 ku Paris anali kaputeni wa timu yaikulu, anatenga mendulo ya bronze ndipo iyeyo anagoletsa zigoli 10, kuposa wina aliyense. Zigoli zake zambiri ndi za pa penalty corner, ndipo mwana wanu akafuna kuphunzira chinthu chimodzi chokha kuchokera m'mavidiyo amenewa muuzeni aonetsetse pamenepo. Wina amakankha mpira kuchokera pa mzere wakumbuyo, wina amauimitsa ndi ndodo panja pang'ono pa kamzere kozungulira ka kutsogolo kwa golo, kenako mwini filimu amabwera chothamanga, kuwerama mpaka chifuwa kutsala pang'ono kukhudza pansi, n'kuukoka mpirawo pa ndodo ngati akukolopa, kuuponya. Amati drag flick. Otchinga anayi amatuluka m'golo atavala zotchinga kumaso, woyambayo amathamangira komwe kukuchokera mpirako, ndipo mpira wa hockey ndi wolimba ngati mwala, ine ndiye ngakhale mutandilipira sindingayerekeze.

Zina zoti musamasokonezeke poonera, chigoli chimawerengedwa pokhapokha ngati mpira wakhudzidwa ndi ndodo ya wosewera wa timu yomwe ikugoletsa mkati mwa kamzere kozungulira kaja, ukamenya uli kutali n'kulowa wokha palibe chako. Mbali yophwatalala ya ndodo ndi imene imaloledwa, ya kumsana ayi. Gemu ndi zigawo 4 za mphindi 15, osewera amalowa n'kutuluka mmene kochi wafunira, ndipo akalepherana pa ndime ya wagwa watuluka sapita ku mapenate ngati athu aja, wosewera amanyamuka pa mzere wa mamita 23 ali ndi masekondi 8 okha oti adutse goloboyi.

Tsopano za Africa. Kumveka ndiye sitimveka inde, koma timapitako. Malo amapezeka kudzera mu Junior Africa Cup, ndipo kawirikawiri amene amatenga ndi South Africa ndi Egypt. Vuto n'loti akafika kumeneko amakumana ndi anzawo oti chaka chonse akhala akumenyana ndi matimu amphamvu, a ku Europe ali ndi maligi a makalabu, ena amapita ku Sultan of Johor Cup ku Johor Bahru ku Malaysia, kampikisano kamene kanayamba mu 2011 ndipo amaitanirako matimu ochepa a ma Under-21 ngati India, Australia ndi Great Britain. Ife kuno kuti timu ikwere ndege kamodzi kokha mpaka makolo asonkhe.

Koma kwa ine nkhani yaikulu ndi bwalo. Hockey ya masiku ano imaseweredwa pa kapeti, Olympics inasiya udzu weniweni kuyambira 1976 ku Montreal, ndipo kapeti yake m'mipikisano ikuluikulu amachita kuithirira madzi gemu isanayambe kuti mpira uziyenda mwaliwiro osadumphadumpha. Mwana amene wakulira pa bwalo lafumbi amaphunzira kudikira mpira maso ali pansi chifukwa sakudziwa kuti ugunda chibuma chiti, pamene mnzake wa ku Hamburg ku Germany maso ali kutsogolo akuona kale woti ampatsire. Kusiyana kwake kumayambira pamenepo, osati pa luso. Ku Blantyre kuli bwalo la hockey la kapeti pafupi ndi Kamuzu Stadium, zabwino ndithu, koma mwana wa ku Karonga kapena ku Nsanje alipondako liti?

Luso lokha liliko, umboni wake ndi aneba athu a Zambia. Mu 2018 ku Youth Olympics ya ku Buenos Aires anyamata awo anafika mu semifayinolo pa Hockey5s, ija ya osewera asanu mbali iliyonse pa kabwalo kakang'ono, n'kumaliza pa nambala 4 kumbuyo kwa Malaysia, India ndi Argentina. Kabwalo ka asanu n'kotchipa kumanga, ndiye mwina khomo lathu lolowera ndi limenelo.

Mwana wanuyo ali ndi mwayi poti masukulu ambiri ochita hockey kumeneko ali ndi kapeti. Mugulireni zotchinga m'miyendo ndi kachotetezera mano kaja musanagule ndodo yodula, ndodo ya bwino adzaipempha yekha akakula.