Pa za mizere ya mu scope: tengani yosavuta

Achimwene, mwati muli ndi mfuti ya .308 ya chilolezo, mumasaka pa famu ina ku Limpopo ku South Africa, nyama zake nswala, njiri ndi ngoma apo ndi apo, ndipo m'sitolo akuonetsani ma reticle ambirimbiri, mizere yolozera ya mu scope, galasi lokuza chithunzi la pamfuti, mpaka mutu wazungulira, ndiye mukufunsa kuti mutenge iti. Yankho langa ndi lalifupi: tengani duplex, kapena German nambala 4, ndipo ngati thumba likulola ikhale ndi kadontho koyaka pakati. Zinazo zisiyeni kaye.

Chifukwa chake chili m'tchire momwe mukusakamo. Mu tsanya ndi minga ya kumeneko nyama simuiona patali. Kawirikawiri imakhala pa mamita 60, 80, mwina 120, itaima mumthunzi, theka la thupi litabisika, ndipo nthawi yake ndi m'mawa kusanayere bwino kapena chisisira. Mphongo ya ngoma siidikira kuti muwerenge mizere. Chimene diso likufuna pamenepo ndi chinthu choti chilikokere pakati msanga, ndipo duplex anaipangira ntchito yomweyo. Kampani yopanga ma scope ya Leupold inaitulutsa mu 1962: mizere inayi yonenepa yochokera m'mbali, yomwe imaonda ikamafika pakati. Kukachita mdima timizere toondato timasowa pamsana wakuda wa njiri, koma yonenepayo imaonekabe, ndipo mumadziwa kuti pakati pake ndi pomwe chipolopolo chikupita.

Nambala 4 ndi ya alenje a ku Germany ndi Austria, anthu ozolowera kudikirira nguluwe zakwawo m'nkhalango kukuda. Ili ndi mizati itatu yonenepa kwambiri, kumanzere, kumanja ndi pansi, koma kumwamba kuli kamzere koonda chabe, ndiye nyama mumaiona yonse popanda chotchinga. Ineyo pa ziwirizi ndimakonda imeneyi, makamaka pa ngoma, poti nyanga zimaoneka bwino musanakoke.

Tsono za mizere yodzaza madontho ija. Mil-dot inachokera ku asilikali a ku America owombera patali. Mil imodzi ndi masentimita 10 pa mamita 100, pomwe MOA imodzi, womwe ndi muyeso wina, ndi pafupifupi masentimita 2.9 pa mtunda womwewo. Ndi zida zabwino kwa munthu wogona pansi, mfuti itaima pa timiyendo take tiwiri, ali ndi nthawi yoyeza mtunda ndi mphepo. Palinso zina zokhala ndi timadontho tambiri tomwazika pansi pa mtanda, zomwe anyamata a mipikisano amazikonda. Zoterozo m'tchire zimasakanikirana ndi nthambi, munthu n'kumasakasaka pakati pomwe nswala ikulowa m'zitsamba. Wogulitsa adzakuuzani kuti ndi zamakono, ndipo sakunama, koma si iye adzatsatire magazi a nyama yovulala dzuwa litalowa.

Ndipo .308 yanuyo siifuna thandizo lonselo pa mitunda yanu. Ichuneni kuti pa mamita 100 chipolopolo chizimenya masentimita 4 kapena 5 pamwamba pa pomwe mwaloza. Mukatero, kuyambira pafupi mpaka cha m'ma 200 mumangoika mtanda paphewa n'kuwombera. Malo a mtima ndi mapapo a nswala ndi aakulu ngati mbale yodyera nsima, ndiye masentimita ochepawo sakutulutsani m'menemo.

BDC, ija ili ndi timizere pansi pa mtanda toimira mamita 200, 300, 400, ndingaivomere ngati mumapitanso ku Karoo, dera louma la ku South Africa komweko, kukasaka springbok, nyama yofanana ndi nswala, komwe kuli poyera ndipo nyama siilola kuyandikira. Komabe pali zinthu ziwiri zomwe ambiri sauzidwa. Timizereto anatiwerengera chipolopolo cha kulemera kwina ndi liwiro lina. Mukasintha bokosi la zipolopolo, manambala aja asokonekera. Chinanso, pa ma scope ambiri osakira timizereti timanena zoona pokhapokha mwakuza chithunzi mpaka pamapeto. Scope ya 3-9x40, yomwe imakuza chithunzi kuyambira ka 3 mpaka ka 9, mukaiika pa 5 n'kugwiritsa kamzere ka 300, chipolopolo chidutsa pamwamba. Aliyense wogula BDC apite kaye kokayesera mfuti, aone yekha pomwe kamzere kalikonse kakumenya.

Apa ndi pomwe pakubwera funso lanu la first focal plane ndi second focal plane. Pa yoyambayo mizere imakula ndi kuchepa limodzi ndi chithunzi, ndiye miyeso yake imakhala yoona paliponse. Vuto ndi loti mukabweza pa 3, pomwe mudzayendere tsiku lonse m'tchire, mizere imaonda mpaka kusowa. Pa yachiwiriyo mizere siisintha kukula. Kwa inu yachiwiriyo ndiyo yoyenera, komanso imatsikirapo mtengo.

Kadontho koyaka n'kabwino, bola kazitheka kuchepetsa kuwala kwambiri. Kakawala mopitirira, diso limangoona kufiira, nyama osaionanso. Funsaninso ngati mizere yake ndi yolembedwa pagalasi, kuti batire likatha izioneka yakuda ngati duplex wamba. Ambiri amagwiritsa batire la CR2032, ikani lina m'chikwama. Musaganize kuti kadonthoka ndi chilolezo chosakira usiku. Zimenezo zili ndi malamulo ake m'chigawo chilichonse, funsani eni famu.

Pa ndalama, ngati muyenera kusankha pakati pa galasi labwino la mizere wamba ndi galasi lotchipa la mizere yokongola, tengani galasi labwino. Chisisira mudzaona kusiyana kwake.

Posankha musayang'anire khoma loyera la m'sitolo, pamenepo reticle iliyonse imaoneka bwino. Apempheni mutuluke nayo panja madzulo, muiike pa mphamvu yotsika, mulozetse pamthunzi wa mtengo kapena pansi pa galimoto. Tsekani maso, kwezani scope, tsegulani: ngati diso lafika pakati nthawi yomweyo, ndi imeneyo. Mukagula, lozetsani kumwamba kopanda mitambo, kutali ndi dzuwa, n'kupotokola mphete ya kumaso mpaka mizere ioneke yakuthwa kwa diso lanu, kenako ndiye mupite mukachune mfuti.