Kodi malesitilanti amenewa azaumoyo amawayendera?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala pa Ntcheu boma. Mwana wanga anadya nkhuku ndi tchipisi pa lesitilanti ina ya nthambi zambiri zija, usiku wonse kutsegula m'mimba ndi kusanza basi. Kodi malo amenewa amayenderedwa? Nanga munthu wamba ngati ine ndingawaone malipoti ake? Mayi wodandaula, Ntcheu.

YANKHO: Pepani kwambiri mayi. Choyamba ngati mwanayo akutsegulabe mpatseni Thanzi ORS muthamange naye kuchipatala, kolera ya 2022 ndi 2023 ija inatenga anthu oposa 1,700 muno m'Malawi ndiye zam'mimba sizoti tione kaye mawa ayi.

Kuyendera amayendera ndithu. Laisensi imachokera ku khonsolo, ndipo azaumoyo a m'boma lanulo amalowa mpaka kukhitchini kukaona firiji, madzi, zimbudzi, potaya zinyalala komanso masatifiketi akuchipatala a ophika ndi operekera zakudya. A bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards (MBS) nawonso amayendera. Koma dziwani kuti dzina likhoza kukhala limodzi makhitchini n'kukhala osiyana, nthambi ya ku Lilongwe kukhala yaukhondo sizitanthauza kuti yakwanuko ilinso bwino.

Malipotiwo muli ndi ufulu wowapempha, lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020, lembani kalata ku khonsolo mutchule nthambiyo ndi tsiku lomwe mwanayo anadya, risiti ngati ilipo musataye. Dandaulo kalisiyeninso kwa a DHO, omwe ndi mkulu wa zaumoyo m'boma lanulo.

Ulendo wina ing'ambeni nkhukuyo mpaka pafupa, mukaona kufiira kapena timagazi ibwezeni pompo musachite manyazi.