Mnzako akapsa ndevu: yankho kwa mdzukulu

Mdzukulu wanga, wandifunsa kuti: "Agogo, munthu wofa pofuna kupulumutsa mnzake, koma n'kulephera kumupulumutsa, ndi ngwazi kapena chitsiru? Anzanga akuti n'kupusa." Tchera khutu ndikuuze za mnyamata wina wa ku Winnipeg, ku Canada, dzina lake Andrew Mynarski.

Inali nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, yomwe ija makolo athu a gulu la asilikali la KAR (King's African Rifles) anakamenya ku Burma. Britain inkatumiza usiku ndege zoponya mabomba, ndipo mwa anyamata pafupifupi 125,000 omwe ankauluka m'ndegezo, 55,573 anafa. Ndege ya Lancaster inkakwera anthu 7, ndipo ankayenera kukwanitsa maulendo 30 asanapume. Sindikubisira, mabombawo anapha amayi ndi ana ambirimbiri ku Hamburg ndi ku Dresden, mizinda ya ku Germany, ndipo mtima wanga umawawa nazo. Chimene ndikutama ine ndi zomwe mnyamatayu anachitira mnzake.

Usiku wa pa 12 June 1944 Mynarski ndi anzake anatumidwa pa ndege ya Lancaster kukaphwanya njanji ku Cambrai, ku France. Ndege ya Ajeremani inawawombera, moto n'kubuka. Woyendetsa analamula kuti aliyense adumphe. Mynarski anafika pakhomo lodumphira, parachuti ali nayo kale. Pocheuka anaona mnzake Pat Brophy, wowombera mfuti kumchira, atatsekeredwa m'kachipinda kake kagalasi, kakukanika kuzungulira kuti atuluke.

Apa ndi pamene pagona nkhani, mdzukulu wanga. Khomo lili pululu, moyo uli apo. Iye anabwerera. Anakwawa kudutsa m'mafuta oyaka, natenga nkhwangwa kumenya kachipindako. Itakanika nkhwangwa anayamba kukoka ndi manja. Zovala zake zinagwira moto, parachuti nayonso. Brophy anamukodola kuti basi, pita. Anakwawanso kubwerera pakhomo, naimirira chilili moto uli lawilawi m'thupi, namuchitira mnzakeyo sawatcha, kenako n'kudumpha. Anthu a ku France anamutola ali moyo, koma anamwalira ndi mabala a moto.

Ndegeyo itagwa, Brophy anaponyedwa kunja ali wamoyo. N'chifukwa chake anzakowo akuti anafera chabe. Koma iwo akuweruza atadziwa kale mathero, atakhala pamthunzi. Mynarski mathero sankawadziwa. Ankangoona munthu yemwe ankadya naye, yemwe ankaseka naye, atatsala pang'ono kupsa akuona. Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako. Mnyamatayu anazima osawerengera n'komwe za mawalo, ndipo pamenepo anaupitirira mwambiwo.

Sindikukutuma kuti uzidziponya pamoto chisawawa, ayi. Ona kuti atayesa zonse, mnzake atamumasula, anachoka. Koma masiku ano minibasi ikagubuduzika pamsewu ndimaona achinyamata akuthamangira kujambula pafoni, wovulala akubuula pansi. Iwe usakhale mmodzi wa iwo. Ika foni m'thumba, gwira munthuyo, itana galimoto yopita kuchipatala.

Uonenso khalidwe la Brophy. M'ndege muja munalibe mboni ina. Akanangokhala chete, palibe akanadziwa. Atabwerera kwawo anafotokoza zonse, ndipo mu 1946 Mynarski anapatsidwa Victoria Cross, mendulo yapamwamba kwambiri ya ku Britain yolemekezera asilikali olimba mtima, iye ali m'manda. Anagonekedwa ku Méharicourt, ku France komweko. Anali ndi zaka 27.