Kent ili m'manja mwa Reform UK: kodi visa yanga ili pachiswe?

FUNSO

A Mkonzi, ndine mayi wa ana awiri, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Kent, kuno ku England. Chipambanireni chipani cha Reform UK pa chisankho cha khonsolo yathu, mtima suli m'malo, chifukwa anthu amenewa salankhula zabwino za ife obwera. Tsono ndamva kuti makhansala awo ena anachotsedwa m'chipani. Ndiye kuti kukhala chisankho chapadera? Kodi khonsolo ingandilande visa? Anzanga kuntchito akuti inenso ndikhoza kuvota, koma pasipoti yanga ndi ya Malawi.

Mayi wodandaula, Kent

YANKHO

Mayi, tiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Khonsolo ya Kent ilibe mphamvu iliyonse pa visa yanu. Zimenezo ndi za Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko, kuboma lalikulu ku London. Ngakhale chiletso cha mu July 2025 choti makampani asamakatengenso anthu osamalira okalamba kunja kwa dzikolo chinachokera ku boma la Labour, osati ku County Hall ya ku Maidstone, likulu la khonsolo ya Kent.

Koma kuti Kent inagwedezeka, inagwedezekadi. Khonsoloyi ili ndi mipando 81. Mu 2021 a Conservative anatenga 62, ndipo anali akulamula chiyambire 1997. Pa 1 May 2025 anatsala ndi mipando 5 yokha, moti mtsogoleri wawo Roger Gough nayenso anagwa chagada m'dera lake. Reform UK inakokola 57, a Liberal Democrat 12, a Green 5, Labour 2. Amene akutsogolera khonsoloyi chichokere pamenepo ndi Linden Kemkaran. Musadabwe ndi kukula kwa chiwerengerocho: uko amapambana ndi amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, monga timachitira posankha aphungu kwathu. Zipani zakale zikagawana mavoti, chatsopano chimadutsa pakati ngakhale anthu ochivotera asafike theka.

Za kuchotsedwa kwa makhansala munamva zoona. Mu October 2025 kanema wa msonkhano wamseri wa makhansala a Reform UK anatulukira poyera, akukangana, ndipo ena anaimitsidwa m'chipani. Koma chisankho chapadera sichibwera chifukwa cha zimenezo. Ife tinazolowera gawo 65 la malamulo athu, loti phungu wolowa chipani china ataye mpando (ngakhale mukudziwa inu mmene ziletso za kukhoti zimalimangira manja). Ku England lamulo lotero kulibe. Mpando ndi wa munthuyo, osati wa chipani. Akachotsedwa amangokhala woima payekha, kapena kulowa gulu lina, mpaka zaka zinayi zithe.

Chisankho chapadera chimachitika khansala akamwalira, akatula pansi udindo, akapatsidwa chilango chokhala kundende miyezi itatu kapena kuposera, kapena akajomba misonkhano yonse kwa miyezi isanu ndi umodzi popanda chilolezo. Anthu awiri ovota a m'dera la khonsolo amalemba kalata yopempha, ndipo chisankho chimachitika pasanathe masiku 35 ogwira ntchito. Kuti chipani chilamule chokha ku Kent pafunika mipando 41. Ngakhale ena mwa 57 aja anachotsedwa m'chipani, kufika pansi pa 41 ndi ulendo, choncho musayembekeze kuti chisankho chapadera chimodzi chitembenuza zinthu. M'makhonsolo momwe zipani zikusiyana ndi mpando umodzi kapena iwiri ndi momwe imfa ya khansala mmodzi imasinthitsa utsogoleri wonse.

Pamene ine ndingakuuzeni kuti mutchere khutu ndi pa bajeti. Gawo lalikulu la ndalama za khonsolo ngati ya Kent limapita ku chisamaliro cha okalamba ndi olumala, ndipo lamulo la Care Act 2014 silikuwalola kungosiya ntchitoyo. Chimene angathe ndi kupanikiza mitengo imene amalipira nyumba zosamalira anthu ndi makampani otumiza antchito m'makomo. Bwana wanu akalandira zochepa, maola anu ndi amene amayamba kudulidwa. Council tax nayo, msonkho umene makomo amalipira kukhonsolo, sangaikweze kufika pa 5 peresenti pachaka osafunsa anthu kudzera pa referendamu, ndiye pothawira ndi pochepa. Misewu, sukulu ndi malaibulale zilinso m'manja mwawo. Zinyalala zapakhomo ndi nyumba ndi za khonsolo yaing'ono ya m'tauni mwanu, yomwe ili ndi chisankho chakechake.

Anzanu aja sananame. Malawi ili mu Commonwealth, ndipo nzika ya Commonwealth yokhala ku Britain ndi chilolezo imavota pa chisankho cha makhansala ngakhalenso cha aphungu. A ku Zambia ndi ku Mozambique chimodzimodzi. Zimandipweteka kuona Amalawi akulipira council tax mwezi ndi mwezi koma osalembetsa, pamene zisankho zapadera zimaponyedwa ndi anthu ochepa kwambiri moti mavoti makumi angapo amatha kugwetsa munthu.

Lembetsani pa intaneti pa gov.uk, muli ndi National Insurance number yanu pafupi. Kawirikawiri amavota Lachinayi, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 10 koloko usiku, choncho shifiti si chowiringula. Chiyambire May 2023 amafuna chiphaso chokhala ndi chithunzi, ndipo pasipoti yanu ya Malawi yomweyo amailandira.