Chibayo chosamva mankhwala: mwina vuto lili mu mtima wa mwana

Mayi wina watumiza imelo kuti mwana wake wa miyezi 3 wamwa maantibayotiki a chibayo kawiri, koma akupumabe mwaphuma. Thupi silitentha, ndipo akamayamwa amatuluka thukuta pamphumi n'kusiya bere akulira. Akufunsa ngati mankhwala ena amphamvu angathandize.

Mayi, musanafune mankhwala ena, pemphani adokotala aunike mtima wa mwanayo. Ana ambiri obanika chimakhaladi chibayo, koma thukuta la poyamwalo lisanyalanyazidwe. Kwa khanda, kuyamwa ndi ntchito yolemetsa, ndipo mtima wofooka umaonekera pomwepo. Ukalephera kupopa bwino, magazi amaunjikana m'mapapo, madzi n'kudzazamo. Pomvetsera pachifuwa zimamveka ngati chibayo, chonsecho mulibe kachilombo.

Vuto lina losowa limatchedwa ALCAPA, limapezeka mwa mwana mmodzi pa ana pafupifupi 300,000. Mtsempha wodyetsa mbali yakumanzere ya mtima umachokera pa mtsempha wopita kumapapo m'malo mwa aorta, mtsempha waukulu wotumiza magazi kuchokera mu mtima kupita m'thupi lonse. Mwana amabadwa ali bwinobwino. Pakatha miyezi 2 kapena 3, mphamvu ya magazi m'mitsempha ya m'mapapo ikatsika, magazi amayamba kubwerera m'mbuyo, mnofu wa mtima n'kusowa okosijeni. Kulira kwa poyamwa kuja kumatha kukhala ululu wa mtima weniweni. Opanda opareshoni ambiri safika chaka, koma mtsemphawo ukasokeredwa msanga pa aorta, mtima nthawi zambiri umabwerera mwakale.

Palinso TAPVR, pomwe mitsempha yochokera m'mapapo imathira magazi pamalo olakwika, ndi vascular ring, pomwe mtsempha umazinga kholingo mwana n'kumapuma mwaphokoso, makamaka akamayamwa.

Muwerengereni mpweya kwa mphindi yathunthu ali phee. Kupuma ka 60 kapena kuposa asanakwane miyezi 2, kapena ka 50 kapena kuposa kuyambira miyezi 2 mpaka 11, ndi kupuma kothamanga. Onaninso sikelo: m'miyezi 3 yoyamba khanda limawonjeza magalamu pafupifupi 150 mpaka 200 pa sabata.

Kuchipatala amuyeze okosijeni kudzanja lamanja ndi kuphazi, amugwire pamimba kuona ngati chiwindi chatupa, amujambule ekisire ndi ECG (kuyeza kagundidwe ka mtima ndi makina). Chodula mlandu ndi echo, sikani younikira mkati mwa mtima. Musakhazike mtima pansi chifukwa choti pomvetsera mtima sanamve phokoso lachilendo, matenda ena oopsa samveka n'komwe. Dripi yambiri nayo imamuwonjezera kubanika mwana wotere.

Milomo kapena lilime zikachita bii, akamabuula popuma, kapena akakaniratu bere, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale ndi usiku.