Musathire Jik pa dzimbiri, chonde

Achemwali, imani kaye! Mwafunsa momwe mungachotsere dzimbiri pa bulauzi yanu yoyera, ndipo ndaona ena akuti mulithire Jik. Musayerekeze dala. Mwandikumbutsa zomwe anandichita mlamu wanga, ndipo mpaka lero ndikaziganizira mtima umandiwawa.

Ndinali ndi malaya oyera, atsopano, omwe ndinkafuna kuvala ku intavyu ya ntchito. Mlamuyo ankakhala kwathu nthawi imeneyo. Osamutuma munthu, anangowatenga n'kuchapa limodzi ndi zake, n'kukayanika pa waya wadzimbiri woti tonse tinasiya kalekale kuyanikapo. Pokaanula anapeza mzere wofiirira kuchokera phewa ili kukafika phewa linalo. M'malo moti andiuze, anawiritsa madzi, n'kukhuthulira Jik wambirimbiri m'beseni, n'kuwanyika usiku wonse, beseni atalibisa kuseri kwa chitseko. Kutacha anawaumitsa ndi ayironi, n'kuwapinda bwinobwino, n'kuwabwezera pomwe anawatenga ngati palibe chachitika.

Ine ndasamba, ndadzola, nthawi yatha, ndikuti nditambasule malaya aja. Mayo ine! Mzere uja unali utada bii, wabulauni, wooneka munthu ali patali. Malaya onse anali atasanduka achikasu, makamaka m'khwapa ndi m'kolala, fungo la Jik lili guu. Nditayesa kukanda pa banga paja ndi chikhadabo, chala chinangolowa, nsalu n'kung'ambika ngati pepala lonyowa. Ndinakhala pansi n'kuyamba kulira, nsapato ndavala kale. Ndinapita ku intavyuko ndi diresi lakale losasita, maso ali psuu.

Chomwe chinandipweteka kwambiri si malayawo ayi, koma pakamwa pake. Kumufunsa, akuti "nsalu yake inali yachabechabe, ine ndimangothandiza." Kuthandiza? Kubisa beseni n'kuthandiza kumeneko? Bambo a kunyumba nawo, m'malo mondimvetsa, akuti ndi malaya chabe, tisayambanepo. Pepani sanatuluke m'kamwa mwa aliyense mpaka lero.

Ndiye mverani. Dzimbiri ndi chitsulo chomwe chadyedwa ndi madzi ndi mpweya, si litsiro wamba. Jik salisungunula, amangolidetsa n'kulikhazikitsa mu ulusi. Chimene chimalichotsa ndi asidi. Finyirani mandimu pa bangalo mpaka panyowe, wazanipo mchere, yanikani padzuwa. Pakayamba kuuma onjezerani mandimu ena. Kenako tsukuluzani ndi madzi ozizira, muchape ndi sopo monga mwa nthawi zonse. Likakana ulendo woyamba bwerezani, musatope. Viniga woyera amathandizanso ngakhale amachedwerapo. Likakhala lakalekale, alipo mankhwala ochotsera dzimbiri pa nsalu okhala ndi oxalic acid, koma amenewo valani magolovesi ndipo muwaike kutali ndi ana.

Ngati mwathira kale Jik, tsukuluzani kambirimbiri musanaike mandimu kapena viniga. Jik akakumana ndi zinthu za asidi amatulutsa mpweya wa kulorini, woti umawotcha m'maso ndi m'chifuwa. Izi si zocheza, makamaka ngati mukuchapira m'bafa motseka.

Ndipo ayironi isafike pa chovala banga lisanachoke. Kutentha kumalimata, basi kwatha. N'chimodzimodzi magazi: madzi ozizira okhaokha, otentha amawaphika n'kukakamira. Mafuta ndiye amafuna madzi ofunda, mutayamba mwapakapo sopo wotsukira mbale.

Onaninso kachikwangwani kosokedwa m'kati mwa bulauziyo. Malaya anga aja anali osakaniza ndi poliyesitala ndiponso anali ndi ulusi wotamuka uja, n'chifukwa chake anachita chikasu. Silika ndi ubweya ndiye Jik amachita kuzidya. Mukaona kachizindikiro ka makona atatu kothethedwa, ndiye kuti chovalacho sichifuna Jik ngakhale dontho.

Ine kuchokera tsiku limenelo ndinalumbira kuti Jik sadzalowanso m'nyumba mwanga, ndipo chovala changa sachapa munthu wina. Komabe kunena chilungamo, ngati bulauziyo ndi ya kotoni yeniyeni, dzimbiri likachoka n'kutsala kuthimbirira kwina, Jik pang'ono m'ndowa yodzaza madzi ozizira, kwa mphindi 5 kapena 10, amayeretsa bwino zedi.  Ndipo ngati ili yodula kwambiri moti mukuopa, musalimbane nayo, ipititseni kwa akatswiri ochapa, koma muwauze poyera kuti ndi dzimbiri. Ngati nanunso mumayanika pa waya wadzimbiri, muuchotse lero lomwe, mumange chingwe cha pulasitiki, ndipo mapegi okhala ndi kawaya kadzimbiri muwataye.