Asidi wa m'botolo lanu si viniga wa kukhitchini

Mphunzitsi wina wa sayansi wa ku Dedza wanditumizira imelo yofunsa za botolo la glacial acetic acid (asidi yemweyo wa m'viniga, koma wosasungunulidwa ndi madzi) lomwe lili m'labotale ya pasukulu pawo. Akuti m'mawa wina wa mu Juni anapeza asidiyo ataundana, ndipo akufuna kudziwa ngati angamusungunule pamoto, komanso ngati ndi woopsadi, poti fungo lake ndi la viniga basi.

Aphunzitsi, chonde botololo lisayandikire moto. Asidi ameneyu amaundana kuzizira kukafika pa madigiri 16.6, zomwe sizachilendo ku Dedza m'nyengo yachisanu, choncho sanawonongeke ayi. Vuto lake ndi lakuti akangofunda kufika pa madigiri 39, nthunzi yake imatha kuyaka ikakumana ndi lawi. Imikani botololo m'beseni la madzi ofunda pang'ono, pamalo podutsa mphepo, ndipo mudikire modekha.

Fungolo ndi limene limapusitsa anthu ambiri, ndipo ndi limene likundidetsa nkhawa. Viniga amene timathira m'saladi ali ndi magawo pafupifupi 5 pa 100 aliwonse a asidiyu, pomwe wanuyo ali ndi magawo 99 kapena kuposerapo. Akagwera pakhungu amaotcha, ndipo nthawi zina matuza amatuluka patapita maola, mwana atabwerera kale kunyumba akuganiza kuti palibe chachitika. N'chifukwa chake wophunzira akadonthezeredwa, mumuvule chovala chonyowacho ndi kutsuka malowo ndi madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, ngakhale akunena kuti sakumva kuwawa. Asidiyo akalowa m'maso, tsukani chimodzimodzi zikope zili chitsegulire, kenako muthamangire naye kuchipatala, chifukwa akhoza kuchita khungu. Amene wamwa asakakamizidwe kusanza, popeza asidiyo angamuotchenso kummero pobwerera. Angotsuka m'kamwa n'kupita kuchipatala, mutatenga dzina lolembedwa pabotolo.

Botolo likasweka, tulutsani ana onse, tsegulani mawindo ndi kuzimitsa moto uliwonse. Nthunzi yake ndi yolemera kuposa mpweya, motero imakhazikika pansi, pomwe munthu wokolopa amaweramira. Valani magolovesi ndi magalasi oteteza maso, tchingani asidiyo ndi mchenga, kenako muwazepo soda wophikira pang'onopang'ono mpaka thovu litasiya. Musakolope ndi Jik, chifukwa ziwirizi zikasakanikirana zimatulutsa mpweya wa klorini umene umawononga mapapo. M'kabati, asidiyu musiyanitseni ndi mankhwala otchedwa nitric acid ndi hydrogen peroxide.